Kudwalira Bambo a Yankho

"Ndati mutu, mayi a Yankho, mutu! Nanga inu mukugwira pamimba bwanji?"

"Dzanjali likungopita lokha," anayankha Eveles. "Ine chibadwire, ndikamanama dzanja limathawira pamimba."

"Ndiye lero muliphunzitse mwambo. Gwirani apa, pamwamba pa khutu lakumanzere. Tsinzinani diso limodzi. Eya, choncho. Tsopano buulani."

Eveles anabuula.

"Imeneyo ndi mbuzi yoiwalidwa pachingwe, si munthu wodwala," anatero Lenard akupukusa mutu, kenaka n'kuugwira msanga poti kupukusako kunadzutsa ululu.

Lenard anali mkulu wa anyamata operekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. M'mawa umenewo anali atavala kale malaya ake oyera, kajekete kopanda manja ndi katayi kakuda kooneka ngati gulugufe watera pakhosi. Mutu unali utamuvuta kwa nthawi ndithu, mbali imodzi yokha, ndipo anali ataganiza kuti mkazi wake ndiye apite kuchipatala, akadwale m'malo mwake, abwere ndi mankhwala.

"Bwanji osangopita nokha, bambo a Yankho? Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko."

"Ine? Ndikakhale pabenchi pakati pa azimayi a sikelo, makanda akundikodzera nsapato? Munthu amene ndimaperekera tiyi kwa anduna?"

"Mbewa ya manyazi idafera kudzenje."

"Ndipo yopanda manyazi idafera pakamtengo, akuigulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe. Tamvani, mayi. Nyengo ino alendo achepa, manijala akungosaka chifukwa. Mlonda uja anamuchotsa kaamba kotsokomola pamaso pa mzungu. Akangomva kuti Lenard wayamba zipatala, basi, kwanga kwatha. Yankho kusekondaleko azidya chiyani, ulemu?"

Eveles anavala chitenje chake chabwino, natenga kabuku kake ka kuchipatala, n'kuuyamba ulendo akubwereza m'njira: khutu lakumanzere, diso limodzi, osagwira pamimba.

Pachipatala chaching'ono cha m'deralo mzere unali utafika kale pamtengo wa mango. Kutsogolo kwa Eveles kunali Maggie, mnansi wake, akutsimphina mochititsa chifundo.

"Amwali, mwendowu mwautani?" anafunsa Eveles.

Maggie anayang'ana uku ndi uku. "Si wanga," ananong'ona. "Abambo akunyumba anapunthwa potsika m'bwato. Bondo lakumanja latupa ngati dzungu."

"Nanga mukutsimphina lakumanzere bwanji?"

"Mayo ine!" Maggie anasintha mwendo pomwepo. "Zikomo, amwali. Nanga inu mwadzera ndani?"

"Mutu wa bambo a Yankho."

"Aa, mutu ndi wosavuta. Mayi awo avala chitenje cha chipani awo akutsokomolera apongozi awo kuyambira chaka chatha. Pano chifuwacho chawalowa chenicheni."

Eveles anaunguza pabenchipo. Amuna analipo awiri okha: wina nkhalamba yogona tulo, wina wogulitsa zitumbuwa.

Nthawi yake itakwana, analowa m'kachipinda komwe chitseko chake chinali nsalu. Namwino Sakina, mayi wamfupi wofunda mpango woyera kumutu, anamulozera mpando. Eveles anagwira pamwamba pa khutu, natsinzina diso limodzi, nabuula monga anaphunzitsidwa. Namwino sanachite nazo chidwi. Anangomutenga mkono, naukulunga lamba wa makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Lambayo anafufuma, nafinya, kenaka n'kuphwa. Sakina anayang'ana manambala, nayang'ana Eveles.

"Kakhaleni panja mupume pang'ono, ndikuitananinso."

Atamuitananso anayeza mkono winawo.

"Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Ndi bipi imeneyi. Tsegulani diso linalo tilankhulane. M'mawa mukadzuka, kunkhongoku kumalemera?"

"Eya," anatero Eveles modabwa. Iye ankayesa kuti ndi mitolo ya nkhuni.

"Mukawerama pamjigo, mumaona tinyenyezi?"

"Eya."

"Kwanu alipo anagwapo sitiroko?"

"Mayi anga. Anagwa m'munda wa mpunga kwa Maganga, pakamwa n'kupotoka. Mpaka kumwalira sanalankhulenso."

Potuluka Eveles anazindikira chinthu chimodzi: mafunso onse aja anawayankha manja ake ali phee pamwendo. Dzanja silinapite pamimba ngakhale kamodzi.

Madzulo Lenard analandira kathumba ka timapiritsi ngati munthu wolandira mphoto ya mpira.

"Mwagwira ntchito, mayi a Yankho! Ndinkakuyesani mbuli pa zisudzo, kani mpaka makina a boma akukhulupirirani!"

"Makinawo sanamve kubuula kwanga, bambo. Anafinya mkono wanga. Wodwala ndine. Anesi ati ndizimwa kamodzi m'mawa uliwonse, ndichepetse mchere, ndikabwererenso."

"Inu munapita kukadwalira ndani?"

"Inu."

"Ndiye matenda amene apezeka ndi a ndani? Mukatumidwa kumsika kukagula usipa, mukabwera nawo umasanduka wanu? Komanso abusa anati chiyani tsiku la ukwati wathu? Awiriwa salinso awiri, koma thupi limodzi. Makinawo ayeza thupi lathu. Mkono ndi wanu, inde, koma mutu wa banja ndine, ndipo mutuwo ndi umene ukupweteka."

Anameza kapiritsi pomwepo, naika kathumbako m'thumba la kajekete, namenyapo kawiri ndi chikhatho.

Tsiku lotsatira analamula kuti ndiwo zake zisathiridwe mchere, poti anesi aletsa. Atalawa utaka wopanda mchere, nkhope yake inakwinyika ngati mango oyamwa.

"Ayi, apa tigawane ntchito," anatero. "Mutu umodzi susenza denga. Ine ndizimwa mankhwala, inu muzisala mchere."

Timapiritsi tija tinali tamtundu wokodzetsa. Pasanathe masiku, kanjira kopita kuchimbudzi kanayera ngati msewu wa ngolo. Lenard ankadzuka pakati pa chakudya, pakati pa pemphero, ngakhale pakati pa mkangano umene iye yemwe ankapambana. Kuloji anyamata anayamba kumutcha Mjigo, ndipo dzinalo linafika kumudzi lisanathe ndi sabata lomwe.

"Ndi matenda akutuluka amenewo," ankatero iye akumanga lamba. "Mankhwala amphamvu awa."

Koma mutu sunasiye. Eveles, amene sankalankhula zambiri koma maso ake sankaphonya kanthu, anaona kuti mwamuna wake akutafunira mbali imodzi ngati ng'ombe yobzikula. Anaona kuti chimanga chootcha, chimene kale ankachilanda ndi ana omwe, tsopano ankati ndi chakudya cha anthu osaphunzira. Madzi a mumtsuko ankayamba wawaika padzuwa. Eveles anangosunga zimenezi mumtima, pakuti nayenso anali ndi zake. Kunkhongo kunkalemera tsiku ndi tsiku, ndipo tinyenyezi ta pamjigo tinayamba kumutsatira mpaka kunyumba.

Tsiku lobwerera kuchipatala litafika, anatsimikiza mtima kuti akanena zonse. Koma atangokhala pampando, anaona pansi pa nsalu ya pakhomo paja mapazi awiri opaka utoto wofiira m'zikhadabo. Anawadziwa. Anali a mkazi wa khukhi wa kuloji, mayi amene nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana imakhala itafika ku Salima boma osakwera minibasi.

Lamba anafufuma, nafinya, naphwa. Sakina anavula magalasi.

"Yakwera kuposa poyamba. Mankhwala aja mukumwa?"

Dzanja la Eveles linanyamuka ulendo wa pamimba. Analigwira ndi linzake, nalikhalira.

"Akumwedwa tsiku lililonse, anesi."

"Mchere?"

"Ndinasiyiratu. Pamenepo ndiye ndingalumbire."

Sakina anamuyang'anitsitsa, nausa moyo. "Ndikuwonjezerani mtundu wina, muzimwa pamodzi ndi aja. Mayi, ndisakubisireni. Bipi siimba ng'oma ikamabwera. Munthu amangogwa ali ndi khasu m'manja. Mwandiuza nokha za mayi anu."

Ulendo uno Eveles sanapereke kathumbako. Anakabisa mumphika wa nyemba zouma. Koma mkazi wa khukhi anali atagwira kale ntchito yake, moti Lenard anafika kunyumba akudziwa kuti akazi ake awawonjezera mankhwala.

"Ali kuti?"

"Ndi anga, bambo a Yankho."

"Akawonjezera ndiye kuti matenda anga akula. Mukufuna ndife?"

"Ndikufuna ine ndisafe!" Eveles anakuwa, ndipo nkhuku zimene zinali pakhonde zinabalalika. Chikwatirane chawo anali asanakwezepo mawu chotero. "Mayi anga munawaona inu. Munkawanyamula nokha kupita nawo padzuwa. Ine ndikufuna Yankho akadzamaliza sukulu ndidzamululutire ndi pakamwa powongoka."

Lenard anayang'ana pansi, nakanda m'mutu, ndipo Eveles anayesa kuti mawu alowa. Kenaka bamboyo anamwetulira pang'onopang'ono.

"Mayi a Yankho, ndinu katswiri. Mwalowa m'sewero mpaka mwaiwala potulukira. Taonani, ndi ine ndemwe tsitsi landiimirira."

Anapita molunjika pamphika wa nyemba, poti m'nyumbamo chilichonse chobisika chinkabisidwa mmenemo kuyambira kale. M'malo mwake anamusiyira timapiritsi tiwiri ta panado.

"Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka," anatero Eveles motsitsa.

"Likathyoka tidzabwereka lina."

M'mawa mwake Eveles anadikira kuti mwamuna wake alowe m'bafa kuti apise m'kajekete kaja. Koma Lenard analowa nako komweko, nakapachika pampanda wa udzu cham'kati, akuimba nyimbo ya kwaya. Potuluka analengeza kuti tsiku limenelo kuloji kuli msonkhano waukulu wa anthu a ku Lilongwe, ndiye pofuna kuti mutu usamusokoneze, wamwa timapiritsi ta masiku awiri, talero ndi tamawa.

Dzuwa lili pamutu, Eveles anali kuseri kwa nyumba akuyanika chinangwa pathandala. M'makutu mwake munkalira ngati muli chigayo. Atawerama kuti atole dengu, dontho lofiira linagwera pachinangwa choyera, kenaka lina. Anagwira mphuno. Anakhala pansi pang'onopang'ono, nayesa kumwetulira yekha kuti amve ngati milomo ikuyenda mbali zonse ziwiri.

Mpamene njinga yamoto inaima pabwalo. Anali Masautso wa kabaza.

"Mayi a Yankho, kwerani msanga! A Mjigo agwa! Pepani, ndimati bambo a Yankho."

"Agwa bwanji? Ali moyo?"

"Moyo ali nawo, akulankhula Chizungu. Akuti anawerama kuti atole foloko, podzuka n'kunyamula thireyi ya chambo. Anangoyenda pang'ono, n'kuyamba kuzungulira ngati akuvina chioda, kenaka khu! Chambo china chakalowa m'chikwama cha mayi wina wa kulikulu. Awatengera kuchipatala pagalimoto yonyamula makreti."

Eveles anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, nakwera.

Anamupeza Lenard atagona chagada pabedi, miyendo ataisanjika pakatoni, katayi kaja katapendekera kukhutu. Ankanunkha nsomba ndi mandimu. Sakina anali akumasula lamba pamkono pake.

"Bambo awa magazi awo atsika kwambiri," anatero namwinoyo osatembenuka. "Ndikuwafunsa ngati pali mankhwala amene akumwa."

"Ine?" anatero Lenard ndi mawu ofooka koma aulemu wake. "Ndi panado yemwe sindimudziwa maonekedwe ake, sisitala."

Sakina anatembenuka, naona Eveles, naona magazi pachitenje ndi maso ofiira. Anamukhazika pabedi linalo, namukulunga lamba yemwe uja akadali wofunda. Manambala atatuluka, anagwira m'chiuno.

"Walayi, ntchito ino ndaigwira zaka, koma nyumba yotere sindinaione. Womwa mankhwala bipi ikukwera, wosamwa ikutsika. Ndiye kuti ndi amuna anu awa? Tandiuzani, kwanuko mumatani?"

Lenard anayamba kulankhula ndi nsidze: kuzikweza, kuzitsitsa, kulozera kukhomo kumene dalaivala wa kuloji anaima akusuzumira. Eveles anamva dzanja lake likunyamuka. Analiyang'ana likupita pamimba monga mwa chizolowezi chake. Analiimitsa panjira. Kenaka analitambasula kudutsa mpata wa pakati pa mabedi awiriwo, nalipisa m'thumba la kajekete, n'kutulutsa timatumba tiwiri, tonse tolembedwa dzina lake. Anatiika m'manja mwa namwino.

"Ndinabwera kudzawadwalira mutu, anesi. Inu n'kupeza anga. Iwo akumwa, ine ndikusala mchere."

Dalaivala pakhomo paja anaphulika kuseka, nathawira panja. Sakina sanaseke.

"Bambo, mkazi wanu wakhala akuyenda m'mphepete mwa manda masabata onsewa, mankhwala ake ali m'thumba mwanu."

"Sisitala, mwina simungamvetse poti ndinu achipembedzo china," anayamba Lenard. "Kwathu kumpingo amati mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi..."

"Chabwino. Ndiye diripi imene ndimati ndikuikeni ndiwaike mayiwa, inu mudzuka?"

Lenard anatseka pakamwa.

Sakina anapatsa Eveles mankhwala ndi kapu ya madzi, naimirira pomwepo mpaka atameza. Anamuuza kuti agone, sachoka mpaka ayezedwenso. Atamuika Lenard diripi, anakoka mpando.

"Tsopano tiuzeni nokha, ndi pakamwa panu. Mutuwo umapweteka pati?"

"Apa, pamwamba pa khutu."

"Afunseni chifukwa chake anasiya chimanga chootcha," anatero Eveles ali chigonere, maso ali kudenga.

Sakina anayatsa tochi ya pafoni. "Yasamulani."

"Sisitala, vuto lili m'mutu, osati..."

"Yasamulani, bambo."

Lenard anayasamula pang'ono ngati mwana wokana phala. Namwino anaunika, nagogoda ndi kachitsulo. Bamboyo anakuwa mpaka makanda a pasikelo analira panja.

"Ndi ili. Dzino la kumapeto, chibowo chake choti nkhuku n'kuikiramo mazira. Mutu wanu wonse ndi umenewu. Mukachira mupite kuboma akalizule."

"Kuzula? Ndi chopanira chija?"

"Amayamba abaya jakisoni m'nkhama."

"Jakisoni m'kamwa!" Lenard anatsinzina maso onse awiri, nabuula. Eveles anamvetsera bwinobwino kubuulako. Kunalidi kosiyana ndi kwake kuja.

Dalaivala anasuzumiranso, akupukuta misozi. "Bwana Lenard, manijala aimba. Akuti mukachira mubwere, alendo akufunsa za inu. Akuti msonkhano wonse anthu anali kugona, mwawadzutsa ndinu."

Namwino atatuluka kukaona odwala ena, awiriwo anatsala okha, bedi ili ndi ilo. Pazenera Eveles anaona Maggie ali pamzere, ulendo uno atagwira msana, akuyenda chowerama ngati nkhalamba. Pabenchi amuna analipo awiri okha.

Lenard anatembenuza mutu. Anayang'ana nthawi yaitali madontho ouma a magazi pachitenje cha mkazi wake.

"Kani zinali zoona, mayi a Yankho?"

"Dzanja langa munaliona likupita pamimba?"

Lenard anaganiza. "Ayi."

Kenaka ndi dzanja lopanda diripi anavula katayi kaja, nakaika pachifuwa.

"Ndiwo tizidya zopanda mchere tonse," anatero. "Kapena wochepa. Wochepa kwambiri. Tidzakambirana."

Eveles anatenga timatumba tija pamene namwino anatisiya, natikulunga pansonga ya chitenje, namanga mfundo, n'kumanganso ina pamwamba pake. Chigayo cha m'makutu chija chinali chitayamba kutsika.

"Mayi a Yankho," anaitananso Lenard, mawu atawafewetsa ngati akulankhula ndi mlendo wa kuloji. "Zakubomazo. Ndimaganiza kuti, poti inu zipatalazi mwazizolowera, komanso muli ndi dzino lija limagwedera lija..."

Eveles anatembenuka, namuyang'ana, namwetulira. Milomo inayenda bwinobwino mbali zonse ziwiri.

"Kukuperekezani ndikuperekezani, bambo a Yankho. Kajekete ndikakunyamulirani, ndi dzanja lomwe ndikakugwirani. Koma kuyasamula mukayasamula nokha."